Alendo Athu a M'dzinja Akubwera Ochepa

Mwezi wa Okutobala ukafika, ku Thyolo kumatentha, fumbi lili koboo m'misewu ya m'maesiteti, ndipo tiyi amene anamudulira m'miyezi yozizira amakhala akudikira mvula kuti aphuke bwino. Alimi a ku Bvumbwe, ku Masambanjati ndi ku Thekerani amakhala akumaliza kuunga mizere, maso ali kumwamba. Kumwamba komweko kumakhala kukuchitika ulendo umene ambirife sitiudziwa. Timbalame timene taswa ana ku Ulaya ndi ku Asia timakhala tili m'njira kuthawa chisanu, ndipo tina mwa ito ulendo wake umathera m'minda mwathu, m'mphepete mwa mitsinje yathu ndi m'timankhalango totsala pakati pa minda ya tiyi.

Akatswiri anawerengera mu 2009 kuti mbalame zing'onozing'ono pafupifupi mabiliyoni awiri zimachoka ku Ulaya chaka ndi chaka n'kudzakhala kuno ku Africa, kummwera kwa chipululu cha Sahara. Nambala imeneyi ndi yaikulu, koma anthu amene akhala akuziwerenga kwa zaka zambiri akudandaula. Nyengo ya kuyoyoka kwa masamba ikafika kwawoko, mbalamezo zikamanyamuka, magulu amene akudutsa pa malo owerengera ndi ochepa poyerekeza ndi amene makolo awo ankaona. Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa mbalamezi zimakhala nafe pafupifupi theka la chaka, ndiponso chifukwa zinthu zimene zikuzitha ndi zomwezo zimene zikuwononga madzi athu, chakudya chathu ndi umoyo wa ana athu.

Alendowa ndi ndani?

Wodziwika kwambiri ndi namzeze. Anamzeze alipo amitundu ingapo. Amene amamanga zisa zadothi pakhonde la tchalitchi kapena pansi pa mlatho ndi a kuno ku Africa konkuno. Namzeze wa ku Ulaya samanga chisa kuno. Ali ndi msana wakuda wonyezimira, pakhosi pofiirira, pamimba poyera ndi mchira wautali wamphanda. Ndi uja mumamuona atandandalikana ndi anzake ambirimbiri pa mawaya a magetsi kuyambira mu Okutobala mpaka mu Epulo. Amalemera pafupifupi magalamu 20, koma amauluka mtunda wa makilomita pafupifupi 10,000 kuti afike kuno kummwera kwa Africa.

Alendo ena ambiri timangowaphatikiza pa dzina loti timba kapena mpheta, chifukwa ndi aang'ono ndipo nthenga zawo si zokopa maso. Kali kambalame kotchedwa willow warbler m'Chingerezi, kobiriwira pamsana, koyezuka pamimba, kokhala ndi kamzere koyera pamwamba pa diso. Kamakhalira kufufuza tizilombo m'masamba a mitengo. Kulemera kwake ndi magalamu pafupifupi 10, ngati shuga wa m'masupuni aang'ono awiri. Ofufuza atamangirira timakina tolemba ulendo pa tina ta kum'mawa kwa Siberia, anapeza kuti timauluka makilomita pafupifupi 13,000 kudzafika kummwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, pafupi ndi ife pompano.

Kena ndi spotted flycatcher, kotuwa, kamene kamakhala chilili pa nthambi yam'munsi kapena pa chingwe choyanikapo zovala, n'kulumpha kukagwira ntchentche m'malere, kenako n'kubwerera pomwe kanali. Iliponso thrush nightingale, imene imabisala m'zitsamba zowirira ndipo imamveka mawu okha, komanso red-backed shrike, imene yaimuna yake ili ndi mutu wotuwa, msana wofiirira ndi mzere wakuda wodutsa m'maso, ndipo imakonda kutera pamwamba pa chitsamba kudikira ziwala.

Pa alendo onsewa, wochititsa chidwi kwambiri mwina ndi marsh warbler. Mayi wina wa ku Belgium, katswiri wa mbalame, Françoise Dowsett-Lemaire, anajambula kuimba kwa mbalameyi kwawoko m'zaka za m'ma 1970. Anapeza kuti nyimbo yake ndi yongotengera kulira kwa mbalame zina zoposa mitundu 200, ndipo yoposa theka la mitundu imeneyi ndi ya ku Africa. Mmodzi mwa amene imakonda kuwatsanzira ndi pumbwa, yemwe uja amatidyera mapapaya. Kulira kwa pumbwa kumamveka m'madambo a ku Ulaya mwezi wa Juni chifukwa kambalameka kanakaphunzira kuno. Mayi yemweyu pamodzi ndi amuna awo a Robert Dowsett anadzatulutsa mu 2006 buku lalikulu lofotokoza mbalame za m'Malawi, zimene zilipo mitundu pafupifupi 650.

Ulendo wake umayenda chonchi

Kalekale anthu a ku Ulaya sankadziwa kumene mbalame zimapita m'nyengo ya chisanu. Ena ankakhulupirira kuti anamzeze amabisala m'matope pansi pa maiwe. Mu 1822, pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany, anapeza dokowe ali ndi mkondo wa ku Africa utamubaya pakhosi. Anali atauluka nawo ulendo wonse wobwerera kwawo. Kenako anthu anayamba kuveka mbalame timphete tokhala ndi nambala kumwendo. Namzeze amene anamuveka kamphete ku Staffordshire ku England mu 1911 anapezeka ku Natal ku South Africa mu Disembala 1912.

Lero tikudziwa zambiri. Masiku akayamba kufupika kumpotoko, mbalame imayamba kudya mwadyera n'kumasunga mafuta m'thupi, moti zina zimatsala pang'ono kuwirikiza kulemera kwake. Mafutawo ndiye kamba wa pa ulendo. Timbalame tambiri timauluka usiku, potsata nyenyezi, mbali imene dzuwa lalowera ndi mphamvu ya maginito ya dziko lapansi. Timayenera kuwoloka nyanja ndi chipululu kumene kulibe madzi kapena chakudya. Zambiri mwa zimene zimabwera kuno zimadzera njira ya kum'mawa. Zina, monga marsh warbler ndi thrush nightingale, zimayamba zapumula milungu ingapo cha ku Sudan ndi ku Ethiopia, n'kudutsa ku Kenya mu Novembala ndi Disembala, kenako n'kutsika ndi mvula mpaka kudzafika kwathu. Pa malo otchedwa Ngulia, m'nkhalango ya Tsavo ku Kenya, anthu akhala akuziveka timphete kuyambira mu 1969.

Zimafika nthawi yabwino. Mvula ikagwa, ngumbi zimatuluka, mbozi zimaswana, ziwala zimachuluka. Chakudya cha alendowa ndi tizilombo timeneti.

Zimene owerenga mbalame akupeza

Kuchepa kwa mbalame m'chaka chimodzi sikutanthauza kuti zikutha. Mphepo ikakhala yabwino zimadutsa m'mwamba kwambiri osatera, ndipo mvula ikachedwa kwina nazo zimachedwa. N'chifukwa chake owerenga mbalame amabwerera pa malo omwewo, nthawi yomweyo, chaka ndi chaka, kuti ayerekeze. Kumene ntchito imeneyi yachitika kwa zaka 40 kapena 50, zotsatira zake zikugwirizana.

Kafukufuku amene anatuluka mu 2021 anaonetsa kuti maiko a mu European Union ataya mbalame pafupifupi mamiliyoni 600 kuyambira mu 1980, kutanthauza imodzi mwa 6 zilizonse. Wina wa mu 2023, amene anaphatikiza ziwerengero za maiko 28, anapeza kuti mbalame za m'minda zachepa ndi 57 pa 100 iliyonse. Ku Britain, spotted flycatcher yachepa ndi pafupifupi 90 pa 100 iliyonse kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo red-backed shrike inasiya kuswa kumeneko chaka ndi chaka monga inkachitira kale. Ku North America nako, kafukufuku wa mu 2019 anapeza kuti mbalame zachepa ndi pafupifupi mabiliyoni atatu kuyambira mu 1970. Bungwe la BirdLife International linanena mu 2022 kuti pafupifupi theka la mitundu yonse ya mbalame padziko lapansi ikuchepa.

Si mitundu yonse imene ikuchepa, ndipo ina ikuchepa dera lina pamene kwina ikuchuluka. Koma za ulendo wautali ndi zina mwa zimene zavutika kwambiri, chifukwa moyo wake umadalira maiko ambiri nthawi imodzi. Pakawonongeka malo amodzi panjira, ulendo wonse umasokonekera.

N'chiyani chikuzitha?

Choyamba ndi njala. Kafukufuku wa mu 2023 uja anapeza kuti chimene chachepetsa kwambiri mbalame ku Ulaya ndi ulimi wodalira mankhwala ophera tizilombo ndi feteleza wochuluka. Tizilombo tikatha, mbalame zimasowa chodyetsa anapiye. Kusintha kwa nyengo kwawonjezera vutoli. Kumpotoko kukumafunda msanga, mbozi n'kuswana mbalame zisanafike, ndipo anapiye akamaswedwa chakudya chimakhala chitadutsa kale.

Chachiwiri ndi misampha ya panjira. BirdLife inawerengera mu 2015 kuti mbalame pafupifupi mamiliyoni 25 zimaphedwa mosatsata malamulo chaka chilichonse m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Ku Egypt amatchera maukonde ataliatali m'mphepete mwa nyanja, ndipo ku Cyprus amagwiritsa ntchito ulimbo ngati womwe uja anyamata athu amapaka pa timitengo.

Chachitatu chili kuno ku Africa. Mu 1969 anthu a ku Britain anadabwa kuona kuti mwa mbalame 10 zilizonse za mtundu wa whitethroat, pafupifupi 7 sizinabwerere. Atafufuza anapeza kuti chinazipha ndi chilala cha m'dera la Sahel, kumene zimakhala m'nyengo ya chisanu. Kuyambira pamenepo akatswiri anazindikira kuti mtengo ukadulidwa kapena dambo likauma kuno, zotsatira zake zimakaonekera ku Ulaya.

Mbali ya Thyolo

Aliyense amene wakula m'boma lino akudziwa mmene phiri la Thyolo linkaonekera. Linali ndi nkhalango yowirira imene inkakoka nkhungu ndi kutulutsa timitsinje tosaphwa. M'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mbali yaikulu ya nkhalangoyi inadulidwa n'kusanduka minda. Zigawo zimene zatsala zili makamaka m'malo a maesiteti, monga ku Satemwa, ndi m'zigwa za mitsinje.

M'timankhalango totsalati muli mbalame imene ikunyamula dzina la boma lathu, Thyolo alethe. Akatswiri anailemba koyamba mu 1927 kuchokera ku phiri lomweli. Imakhala pansi mumthunzi, n'kumatsata linthumbu kuti igwire tizilombo tothawa. Padziko lonse imapezeka m'mapiri ochepa a kummwera kwa Malawi, monga Thyolo ndi Mulanje, ndi a kumpoto kwa Mozambique, monga Namuli, Chiperone ndi Mabu. Iyo siyenda ulendo wautali ndipo ilibe kwina kothawira, n'chifukwa chake ili pa mndandanda wa mbalame zimene zili pa chiopsezo chotha. Alendo athu ambiri safuna nkhalango yowirira chotero. Amakwanitsidwa ndi zitsamba za m'malire a minda, mabango a m'dambo ndi mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje. Koma nkhwangwa imene inagwetsa nkhalango ya m'phiri yafikanso kumeneko.

Tisafulumire kuloza chala. Malinga ndi kalembera wa 2018, m'boma la Thyolo munali anthu oposa 720,000, ndipo malo ambiri achonde ali ndi tiyi ndi makadamiya. Bambo amene analowa m'phiri ndi khasu ankafuna podzala chimanga cha ana ake, ndipo mayi amene amathyola nkhuni kumtsinje alibe magetsi ophikira. Komabe malipiro ake tikuwaona tonse: akasupe ophwa mu Okutobala, mitsinje yofiira ndi dothi mu Januwale, ndi mapiri osatha kugwira madzi. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'chigawo cha kummwera, ambiri chifukwa cha matope ndi madzi otsika m'mapiri. Mitengo singaletse namondwe wamphamvu chotero, koma phiri lopanda mitengo limagumuka msanga.

Madambo aakulu amene atizungulira nawo ali pa mavuto. Nyanja ya Chilwa, imene inali yoyamba m'Malawi kulembedwa pa mgwirizano wa Ramsar woteteza madambo, inauma mu 1995 ndipo inaphwanso kwambiri mu 2018. Dambo la Elephant Marsh, kumunsi kwa mapiri a Thyolo m'chigwa cha Shire, linalembedwa pa mgwirizano womwewu mu 2017. Dothi lokokoloka kumtunda kuno limakathera kumeneko.

Mbalame ndi umoyo wa pabanja

Wina angafunse kuti, pamene tikulimbana ndi mitengo ya feteleza ndi fizi ya ana, kambalame ka magalamu 10 kali ndi ntchito yanji? Yankho loyamba lili m'munda. Akatswiri anawerengera mu 2018 kuti mbalame padziko lonse zimadya tizilombo tolemera matani pakati pa mamiliyoni 400 ndi 500 pa chaka. Alendo athu amafika nthawi imene chimanga chikumera ndipo amachoka chikucha. Tonse tikukumbukira mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zija, zimene zinachititsa boma kulengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 ali pa ngozi. Mbalame pazokha sizingathe mbozi zimenezi, chifukwa zimabisala mu mtima wa chimanga. Koma mbalame, nyerere, mavu ndi akangaude akagwirira pamodzi, amachepetsa tizilombo m'munda popanda malipiro. Mankhwala opopera mwachisawawa amapha othandiza onsewa, ndipo chaka chotsatira mlimi amafunika mankhwala ochuluka kuposa kale.

N'zoona kuti zilipo mbalame zimene zimavutitsa mlimi. Amene analimapo mapira kapena mpunga akudziwa ntchito yoingitsa mpheta kuyambira m'bandakucha. Koma alendo tikunenawa sadya mbewu zathu. Ndipo dziko la China linaphunzira mowawa kuti ngakhale mpheta zili ndi ntchito yake. Mu 1958 boma la kumeneko linalamula anthu kupha mpheta zonse pofuna kuteteza mbewu. Mpheta zitatha, dzombe ndi tizilombo tina tinachuluka, ndipo izi zinawonjezera pa zifukwa zina zimene zinabweretsa njala yoopsa imene inapha anthu mamiliyoni ambiri. Ku India, miimba inatsala pang'ono kutheratu m'zaka za m'ma 1990 chifukwa cha mankhwala ena amene ankabaya ng'ombe. Mitembo ya ziweto inayamba kuwolera pamtunda, agalu osokera anachuluka, chiwewe chinafala ndipo madzi anaipa. Kafukufuku wa mu 2024 anawerengera kuti anthu pafupifupi 500,000 anafa chifukwa cha zimenezi pakati pa 2000 ndi 2005.

Yankho lachiwiri lili m'thupi mwathu. Mankhwala amene akupha tizilombo ndi mbalame ndi omwewo amene amalowa pakhungu la munthu wopopera wopanda zodzitetezera, amatsalira pa tomato ndi kabichi wothyoledwa masiku asanakwane, ndipo amatsukidwira kumtsinje kumene ena akutunga madzi akumwa. Mbalame zikayamba kusowa pamalo, ndi chenjezo loti tione chimene chalowa m'nthaka ndi m'madzi.

Lachitatu lili m'maganizo. Ofufuza a pa King's College London anatsata anthu pafupifupi 1,300 ndipo analengeza mu 2022 kuti munthu akaona kapena kumva mbalame, mtima wake umakhala m'malo kwa maola angapo, ngakhale amene akudwala matenda a nkhawa. Ife amene timaphunzitsa za mpweya wabwino, kuwala kwa dzuwa, kuyenda ndi kupuma, izi sizikutidabwitsa.

Zimene Malemba akutikumbutsa

Buku la Genesis likutiuza kuti mbalame zinalengedwa tsiku lachisanu ndipo zinadalitsidwa munthu asanakhalepo. Ntchito yoyamba imene Adamu anapatsidwa, pa Genesis 2:15, inali yolima munda ndi kuusunga. Pa Deuteronomo 22:6, 7 pali lamulo loletsa munthu wopeza chisa kutenga make pamodzi ndi mazira kapena anapiye, ndipo lamuloli likutha ndi lonjezo la moyo wautali. Mneneri Yeremiya, pa mutu 8 ndime 7, anagwiritsa ntchito mbalame za ulendo podzudzula anthu a Mulungu: izo zimasunga nyengo yake yobwera, pamene anthu aiwala chilamulo cha Mlengi wawo. Dziko limene Yeremiya ankakhala lili pa njira imene mbalame zambiri zimadzera pobwera ku Africa mpaka lero. Ndipo Ambuye Yesu, pa Mateyu 10:29, anaphunzitsa kuti Atate amadziwa ngakhale mpheta imodzi ikagwa.

Sabata lililonse timapuma pokumbukira chilengedwe, ndipo uthenga wa mngelo woyamba pa Chivumbulutso 14:7 ukuitana anthu kulambira Mlengi wa kumwamba, dziko, nyanja ndi akasupe a madzi. Mu 1992 General Conference inatulutsa chikalata chokumbutsa mamembala kuti kusamalira chilengedwe ndi mbali ya chikhulupiriro chathu. Kudikira kubweranso kwa Yesu sikutipatsa chilolezo chowononga. Kapitawo wokhulupirika ndi amene mwini munda akabwera amapeza zinthu zili m'malo mwake.

Zimene banja lingachite

Siyani mitengo yachilengedwe pamene ilipo, ndipo dzalani ina. Bulugamu ndi paini ndi zothandiza pa milimo ndi nkhuni, koma tizilombo ndi zipatso zimene mbalame zimafuna zimapezeka m'mitengo monga mkuyu, mtangatanga, mthethe, mbawa ndi nyowe. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Taonani mmene kumanda kumakhalira mbalame zambiri, chifukwa kumeneko mitengo timaiopa. Mabwalo a matchalitchi ndi sukulu zathu, kuyambira pa Malamulo ku Makwasa pamene ntchito ya mpingo inayambira mu 1902 mpaka pa kagulu kakang'ono ka kumudzi, angakhale malo otero.

Musalime mpaka m'madzi. Siyani kamzere ka udzu, mabango ndi zitsamba m'mphepete mwa mtsinje. Kamagwira dothi, kamasefa madzi, ndipo ndi m'mene marsh warbler ndi thrush nightingale zimakhala. Pewani kutentha tchire ndi mapesi. Mbaula yosatha nkhuni, monga chitetezo mbaula, imasunga mitengo komanso imachepetsa utsi umene amayi ndi ana amapuma kukhitchini.

Musanapopere mankhwala, yambani mwayendera munda kuti muone ngati tizilombo tachulukadi. M'munda waung'ono, kutola mbozi ndi kuphwanya mazira ake m'mawa kumathandiza. Ngati kupopera kuli kofunika, funsani alangizi a zaulimi, tsatirani muyeso, valani zodzitetezera, ndipo musatsukire sipuleya kumtsinje. Mankhwala ogulitsidwa m'timapepala topanda dzina, monga aja amatchedwa tameki, asalowe pakhomo panu. Mbalame yophedwa ndi poizoni ndi yoopsa kwa aliyense woidya, munthu, galu kapena mphaka.

Lankhulani ndi ana za legeni ndi ulimbo. Ambirife tinakula nazo, ndipo m'mabanja ena kambalame ndiye ndiwo ya tsikulo, choncho nkhaniyi ndi yofunika kuikamba mofatsa. Mnyamata akadziwa kuti kanthu kali pa nthambi apo kachokera ku Siberia, amayamba kukaona mwina. Nyemba, nandolo, soya ndi mtedza zimapatsa thupi zomanga zochuluka kuposa kanyama kongokwana pa chala. Masikito ndi ogonamo, si otcherera mbalame kapena nsomba, ndipo anamzeze ngakhale achuluke bwanji sangalowe m'malo mwa masikito poteteza banja ku malungo.

M'miyezi yotentha, ikani kambale ka madzi pamthunzi, pamalo pamene mphaka sangabisalire. Tayani madziwo ndi kutsuka kambaleko masiku awiri alionse kuti udzudzu usaswanemo. Mukapeza mbalame zingapo zitafa pamalo amodzi, musazigwire ndipo musalole ana kapena nkhuku kuziyandikira. Dziwitsani alangizi a ziweto.

Kope limodzi ndi theka la ola

Ziwerengero zimene tatchula pamwambapa zinasonkhanitsidwa makamaka ndi anthu wamba, aphunzitsi, alimi ndi opuma pa ntchito, amene ankalemba zimene aona chaka ndi chaka. Kuno kwathu anthu otero ndi ochepa, ndipo banja la Chiadventisti lili ndi mwayi umene ena alibe: masana a Sabata. Mayi Ellen White ankalimbikitsa makolo kutuluka ndi ana panja pa tsikuli kuti akawaonetse ntchito za Mulengi.

Sankhani njira imodzi, kaya yopita kumtsinje kapena yozungulira tchalitchi. Yendani pang'onopang'ono kwa theka la ola, dzuwa litapepa, Sabata limodzi pa mwezi, kuyambira mu Okutobala mpaka mu Epulo. Mwana mmodzi agwire kope n'kulemba tsiku, nyengo, mbalame zimene mwaona ndi kuchuluka kwake. Imene simukuidziwa dzina, lembani kukula kwake, mtundu wa nthenga ndi chimene inkachita. Funsani agogo mayina a Chichewa ndi a Chilhomwe asanaiwalike. Lembani makamaka tsiku limene mwaona anamzeze oyamba pa mawaya ndi tsiku limene mwawaona komaliza. Kuona maso a nkhono n'kudekha: chaka choyamba kopelo lidzaoneka lopanda phindu, koma pofika chaka chachisanu lidzayamba kukuuzani zinthu.

Atsogoleri a Pathfinder akudziwa kuti pali baji ya maphunziro a mbalame, ndipo kope lotere lingathandize ana kuipeza. Amene ali ndi foni ya intaneti angatumize zimene aona ku eBird, kumene akatswiri a padziko lonse amatengako ziwerengero. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, limagwira ntchito ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu. Kalendala nayo yatikomera. Tsiku lokumbukira mbalame za ulendo padziko lonse limakhala Loweruka lachiwiri la Meyi ndi la Okutobala, ndipo Sabata la Chilengedwe mu mpingo wathu limakhala lachinayi mu Okutobala, alendo athu akungofika kumene.

Zinthu zimatha kusintha

Ku Nagaland, kumpoto chakum'mawa kwa India, kumadutsa kabawi wamng'ono wotchedwa Amur falcon, amene amawoloka nyanja ya Indian Ocean n'kudzadya ngumbi ndi ziwala kuno kummwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi. Mu 2012 zinadziwika kuti asodzi a pa damu la Doyang ankagwira mbalamezi zoposa 100,000 pa chaka ndi maukonde. Atsogoleri a midzi, mipingo, sukulu ndi boma anakhala pansi n'kugwirizana. Chaka chotsatira kuphako kunatha, ndipo ena mwa amene ankatchera maukonde ndi amene anasanduka alonda a mbalamezo. Anthu a kumeneko si olemera kuposa ife.

Mwezi wa Malichi ukamatha, chimanga chikuuma ndipo tiyi akuthyoledwabe, alendo athu adzayambanso kudya mwadyera pokonzekera ulendo wobwerera. Mafuta oyambira ulendowo adzawapeza mu mkuyu wa kuseri kwa nyumba yanu, m'mabango a kudimba kwanu ndi m'zitsamba za m'malire a munda wanu. Amene anyamuke atakhuta ndi amene ali ndi mwayi wokafika, kukaswa ana ndi kudzabweranso ndi mvula ya chaka chamawa.